Ana Athu Adzaloŵa pa Khomo Liti?

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa makolo, aphunzitsi ndi achinyamata a mpingo ku Budiriro, mu mzinda wa Harare

 Ndithokoza komiti imene inandipempha kuti ndilankhule za m'mene tingakonzekeretsere ana a sukulu kupeza ntchito masiku ano, pamene mnyamata wa kuno ku Budiriro alimbirana malo ndi mnzake wa ku Manila kapena ku Lagos amene sadzaonana naye konse. Nkhani imeneyi imandipeza pakhomo panga chaka ndi chaka. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, amayi amafika atagwira kapepala m'manja, nakhala pansi, nafunsa kuti, "Abusa, nanga mwanayu tichite naye chiyani?" Kaŵirikaŵiri ndawayankha ndi mau otonthoza chabe, iwo nabwerera ndi funso lawo. Lero ndifuna kuyesa kuwayankha bwino.

Poyamba tikumbutsane kuti kwa ife nkhani ya kufuna ntchito kutali siyachilendo ai. Mpingo uno unabadwa pa ulendo wotere. Makolo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Dowa ndi ku Lilongwe chifukwa cha msonkho ndi umphaŵi, nayenda pansi masabata ambiri, kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, kufikira analoŵa m'dziko lino. Ena pambuyo pake anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Fodya amene analima m'mapulazi anakasutidwa ku London, golide amene anakumba ku Shamva anakasungidwa kutsidya kwa nyanja, ndipo mitengo ikagwa kumeneko, malipiro awo anagwa kuno, iwo osadziŵa chifukwa chake. Chimene ophunzira atcha chuma cha dziko lonse, agogo athu anachisenza pamutu asanamve dzina lake. Kuchuluka kwa anthu ameneŵa ndiko kunachititsa kuti Mbusa T.C.B. Vlok achoke ku Nkhoma m'chaka cha 1912 kudzawatumikira ku Salisbury, ndipo ntchito yakeyo inakula kufikira tinakhala Sinodi payokha m'chaka cha 1965.

Tsono pa khamu lonse lija, ndani amene zinawayendera bwinoko? Anali aja amene anatenga kanthu m'mutu ndi m'manja pochoka kwawo. M'chaka cha 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe, kumene anyamata anaphunzira Chingerezi ndi masamu pamodzi ndi ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mau pa lamya. Anyamata otereŵa atafika kuno anakhala makalaliki pa migodi, akapitawo, othandiza m'zipatala. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie, anagwira ukalaliki pa mgodi wa Shamva, napitirira kufika ku Cape Town, kumene m'chaka cha 1919 anayambitsa bungwe la anthu antchito la ICU, limene linagwedeza South Africa yense. Sukulu ya m'phiri la ku Malaŵi inamkonzera iye malo amene aphunzitsi ake sanawalote nkomwe.

Agogo anga sanafike kutali chotero. Iwo analekezera Standade 3 pa sukulu ya m'mudzi, koma anadziŵa kuŵerenga ndi kuŵerengera, ndiponso amalume awo anawaphunzitsa kusoka. Anayamba ndi khasu monga anzawo onse. Mwini pulazi ataona kuti mnyamatayu saphonya poŵerenga mabelo a fodya, anawapatsa buku ndi pensulo. Ndalama zoyamba zimene anasunga anagulira makina osokera a Singer. Pulazi ija inagulitsidwa kaŵiri, mgodi umene anasamukirako unatsekedwa, koma makina aja anawamanga pa njinga napita nawo ku komboni ina, ndipo ndiwo anaphunzitsa atate anga ndi abale awo asanu. Makinawo alipo mpaka lero kunyumba kwa azakhali anga ku Mufakose.

Ndafotokoza za agogo chifukwa cha chinthu chimodzi chimene mbiri yathu yatiphunzitsa mobwerezabwereza, ife nkumaiŵalabe. Khomo la ntchito mwini wake ndi wina, ndipo amalitseka tsiku limene afuna. M'mwezi wa April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalaŵi 74. Dr Kamuzu Banda analetsa pomwepo kulemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi m'zaka ziŵiri zotsatira. Kuno, boma litayamba ndondomeko ya ESAP m'chaka cha 1991 ndi kutsegulira katundu wakunja, mafakitale a nsalu anafooka. Cone Textiles ya ku Chitungwiza inatseka, anthu zikwi zingapo nakhala pakhomo, ndipo atelala athu anayamba kupikisana ndi mabelo a kaunjika a pa Mupedzanhamo. M'chaka cha 2000 mapulazi atayamba kulandidwa, antchito a m'mapulazimo, amene ambiri anali ana ndi adzukulu a anthu a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo analibe mudzi wothaŵirako. Ena a inu mwakhala muno munafika m'Harare nthaŵi imeneyo, ndipo sindifunika kukufotokozerani.

Mwina achinyamata anena kuti zimenezo nzakale. Tamvani za dzulodzuloli. M'mwezi wa February 2022 dziko la Britain linatsegula khomo kwa anthu osamalira okalamba ndi odwala. Harare yense anatekeseka. Aphunzitsi, makalaliki a ku banki, ngakhale omaliza yunivesite, anathamangira kosi ya masabata ochepa ya kuthandiza anamwino, ndipo ana a Fomu 3 anayamba kunena kuti masamu alibe ntchito popeza iwo adzapita ku UK. M'mwezi wa March 2024 Britain inaletsa antchito ameneŵa kutenga mabanja awo, ndipo m'mwezi wa July 2025 inaleka kulemba atsopano ochokera kunja. Khomo lija linakhala lotseguka zaka zitatu ndi miyezi isanu. Ndidziŵa banja lina limene linagulitsa galimoto ndi kukongola ndalama kwa abale kuti lilipire munthu wina wolonjeza kalata ya ntchito. Mwana wawo wamkazi anafikadi kumeneko, koma ntchito imene inalembedwa m'kalatamo panalibe, ndipo ngongole akubwezabe. Ku South Africa nako, abale athu pafupifupi 178,000 okhala ndi chilolezo chapadera cha anthu a ku Zimbabwe akhala mitima ili m'mwamba kuyambira 2021, pamene boma la kumeneko linalengeza kuti lifuna kuchithetsa. Mwana amene lero ali Fomu 1 adzafuna ntchito zaka zisanu kapena khumi zikudzazo. Ndani mwa ife anganene khomo limene lidzakhala lotseguka tsiku limenelo?

Chifukwa chake ine ndikana kuti tikonzere mwana khomo limodzi, kaya la Britain, kaya la Joni, kaya la ofesi ya boma. Osaka mbeŵa adziŵa kuti mbeŵa yochenjera ikamakumba una imasiya potulukira pena, pamene timati mbuli. Timpatse mwana zinthu zimene angamange pa njinga monga anachitira agogo anga.

Chinthu choyamba chidzakudabwitsani, pakuti sichiphunzitsidwa m'kalasi. Ndicho chikalata cha kubadwa. Lamulo la unzika litasinthidwa m'chaka cha 2001, ambiri a ife obadwira kuno, amene makolo athu anachokera kunja, tinauzidwa kuti tikane unzika wa dziko la makolo athu, apo ai titaya wa kuno. Ine ndinaima pa mzere pa ofesi ina masiku atatu kukakana dziko limene ndinali nditaliona kaŵiri kokha m'moyo wanga. Ambiri a m'mapulazi ndi m'migodi sanamve nkomwe za lamuloli, ndipo zitupa zawo zinakhala ndi chizindikiro chakuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi: munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye anali kukhala muno, ndi nzika yobadwa nayo. Komatu lamulo lili m'buku, ndipo chitupa sichidzisintha chokha. Agogo akasoŵa chitupa, mayi asoŵa chikalata cha kubadwa, mwananso asoŵa, ndipo vuto limaonekera pa nthaŵi yolembetsa mayeso a Giredi 7. Wopanda chikalata chimenechi sapeza chitupa, sapeza pasipoti, satsegula buku ku banki, saloŵa koleji. Tingalankhule za makompyuta mpaka dzuŵa kuloŵa, koma mwana amene boma silimdziŵa wagonja mpikisano usanayambe. Lamulo linena kuti mwana alembetsedwe asanathe masiku 42 chibadwire. Amayi a Chigwirizano, inu amene mumayamba kufika pamene pabadwa mwana, funsani za chikalata tsiku lomwe mukupereka mphatso.

Chachiŵiri ndicho masamu, ndipo apa ndilankhula moŵaŵa pang'ono. Dziko lino linachita chinthu chachikulu pa maphunziro: sukulu za sekondale zinali 177 m'chaka cha 1979, ndipo pofika 1989 zinapitirira 1,500. Ine ndemwe ndine chipatso cha zaka zimenezo. Koma pa mayeso a ZIMSEC a Fomu 4 a 2023, ana pafupifupi 29 okha pa 100 alionse ndiwo anakhoza maphunziro asanu. Kunena kwina, mwa ana khumi amene timawaona m'maŵa atavala yunifolomu m'misewu ya Budiriro, asanu ndi aŵiri adzatuluka opanda chimene olemba ntchito amayamba kufunsa. Ndipo ndaona chizoloŵezi choipa: popeza phunziro lililonse lili ndi mtengo wake polembetsa mayeso, makolo ndi mwana amapangana kusiya masamu, ati kuopa kutaya ndalama. Tsiku limenelo mwatseka makomo ambiri ndi dzanja lanu. Wofuna kuphunzira ntchito ya magetsi, ya makina kapena ya mipope pansi pa kampani amafunsidwa maphunziro asanu, ndipo mwa iwo mukhale Chingerezi, masamu ndi sayansi. Unamwino ndi uphunzitsi nazonso zifuna maphunziro asanu, ndipo kosi zambiri za ku Harare Polytechnic sizilandira wopanda masamu. Kuli bwino mwana alembe masamu kaŵiri kapena katatu kusiyana ndi kuwathaŵa.

Nanga asanu ndi aŵiri aja? Apa pali bala lakale limene tiyenera kulitchula. M'chaka cha 1966 boma la Rhodesia linakonza kuti mwa ana achikuda omaliza pulaimale, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu lokha lipite ku sekondale yeniyeni, yotchedwa F1. Ena apite ku sukulu za F2 kukaphunzira zaulimi, zomanga ndi zosoka. Ndipo theka lonse libwerere kunyumba. Makolo athu anaona msanga cholinga chake, kuti mwana wa munthu wakuda akhale wantchito wa mzungu, ndipo anadana nazo sukulu za F2. Anali ndi chifukwa chabwino. Dziko litalandira ufulu sukuluzo zinathetsedwa. Koma pamodzi ndi F2 tinataya ulemu wa ntchito ya manja, kotero kuti mpaka lero kholo limachita manyazi kunena kuti mwana wake ndi mmisiri. Komiti ya Dr Caiphas Nziramasanga inachenjeza m'chaka cha 1999 kuti maphunziro athu atsamira kwambiri pa mayeso a m'mabuku, ndipo panapita zaka zambiri boma lisanayambe kusintha, m'chaka cha 2017, ndiponso kachiŵiri mu 2024. Ife makolo tasintha mochedwa koposa boma.

Taonani zimene zatizungulira. Kolera ya 2008 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino, ndipo Budiriro anali pakati penipeni pa mliriwo. Tinaika maliro mpaka mau anatha. Inabweranso mu 2018, kuno ndi ku Glen View. Gwero lake linali madzi ndi mipope yophulika. Lero pafupifupi mzere uliwonse wa nyumba udalira mjigo kapena chitsime, ndipo madzi a ku Kariba akachepa, monga mu 2019, 2022 ndi 2024, magetsi amazima tsiku lonse. Mapanelo a sola ndi mapampu amapangidwa ku China, koma wowaika padenga ndi wowakonza akafa ayenera kukhala munthu wa pafupi. Miyala ya lithium imene ikumbidwa ku Bikita ndi ku Arcadia kufupi ndi Goromonzi imakathera m'mabatire a magalimoto a maiko akutali, ndipo ku Manhize ng'anjo ya chitsulo inayamba ntchito m'chaka cha 2024. Malo onseŵa afuna owotcherera zitsulo, amagetsi, oyesa miyala. Ngati ana athu sadzakhala okonzeka, eni ake adzabwera ndi amisiri awo, ife nkumaonerera pa mpanda.

Koma luso lopanda umboni limathera pa msika wa pafupi. Pitani ku Glen View Area 8, mukaone mipando ndi makabati amene anyamata athu amapanga pabwalo, ndi zipangizo zochepa, moto utawaotchera katundu kangapo konse. Manja alipo ndithu. Chimene ambiri alibe ndi pepala. Boma lili ndi mayeso a amisiri, oyambira kalasi 4 kukwera mpaka kalasi 1, ndipo munthu amene waphunzira ntchito pogwira angathe kukayesedwa. Pepala limenelo ndilo limene kampani ya ku Hwange, ku Tete kapena ku Gaborone ingaŵerenge. Inu akulu a mpingo amene muli amisiri, kodi anyamata amene mumawatuma kupala matabwa munawauzapo za mayeso ameneŵa, kapena mukuopa kuti akakhoza adzakuchokerani?

Za zinenero ndinena mwachidule. Chingerezi chimene chimapezetsa ntchito ndi cholemba: kalata yomveka, lipoti lalifupi lopanda chinyengo, kuyankha funso limene wafunsidwa. Ana athu amachilankhula mokoma ngati a pa wailesi, koma apatseni pepala muone. Ndipo Chicheŵa musachinyoze. Ambiri a ife tinachibisa tili ana poopa kutchedwa Mabhurandaya. Lero chili m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka m'malamulo a 2013, ndipo munthu wochidziŵa amamveka kuchokera pa Nyamapanda, kudutsa Tete, kufika ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Lusaka. Mwana wodziŵa Chishona, Chicheŵa ndi Chingerezi, akaonjezapo Chipwitikizi pang'ono, ali ndi chuma pa msewu wa malonda umene agogo ake anayendapo ndi mapazi. Kompyuta nayo aidziŵe, koma tisadzinamize kuti kukanda foni usiku wonse ndiko kuidziŵa. Makina a masiku ano akutha kulemba makalata ndi kumasulira zinenero, kotero ntchito za ukalaliki zimene tinkazisirira zikuchepa. Adzatsala ndi amene angathe kuona pamene makinawo alakwitsa.

Tsopano pali funso limene mkulu wina anandifunsa, ndipo ndiliyesa lolungama. Anati, "Abusa, kodi tikulera ana kapena tikuŵeta ng'ombe zogulitsa kunja?" Kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu oposa 900,000 a dziko lino ali kunja, ambiri a iwo ku South Africa. Ndalama zimene amatumiza zinapitirira madola a ku America 1.8 biliyoni m'chaka cha 2023, ndipo ambiri muno mumadya ndi kulipira fizi ndi ndalama zimenezo. Sindingazinyoze. Koma m'chaka chomwecho bungwe la WHO linaika Zimbabwe pa mndandanda wa maiko osoŵa kwambiri antchito a zaumoyo, ndipo ine ndimayendera nyumba zimene agogo a zaka 70 akulera adzukulu anayi amene amaona amayi awo pa foni pokha. Ife ana a matchona tidziŵa mtengo wa ulendo koposa wina aliyense, pakuti kumudzi kuli manda a agogo aakazi amene anadikira amuna awo mpaka imfa. Ine sindiuza mwana kuti pita, ndiponso sindimuuza kuti khala. Chimene ndifuna nchakuti akapita apite ndi mapepala oona ndi luso loyesedwa, kuti akathe kukana ntchito yaukapolo, ndi kuti khomo likatsekedwa abwerere ali ndi chochita. Atsikana a dziko lino amene anapulumutsidwa ku Kuwait m'chaka cha 2016 anapita atalonjezedwa ntchito zabwino, nalandidwa mapasipoti atangofika. Wopita chifukwa chosoŵa pogwira amavomera chilichonse.

Ndithe ndi zopempha zanga kwa mipingo ya Sinodi yathu, ndipo nzosafuna ndalama zambiri. Mpingo uliwonse ulembe maina a ana onse opanda chikalata cha kubadwa chaka chino chisanathe, nusankhe akulu aŵiri odziŵa njira za maofesi kuti aziperekeza makolo. Mabuku athu a ubatizo angathandize kukumbutsa masiku ndi maina amene mabanja anaiŵala. Nyumba zathu zopemphereramo zimakhala zotseka masiku asanu pa sabata, pamene ana akusoŵa poŵerengera chifukwa m'nyumba ya zipinda ziŵiri mukhala anthu asanu ndi atatu ndipo magetsi palibe. Tiikemo nyali za sola ndi mabenchi, ndipo aphunzitsi opuma ntchito amene tili nawo ambiri atipatseko madzulo aŵiri pa sabata a masamu. Pa tchuti cha April, August ndi December, mmisiri aliyense wa mu mpingo, kaya wa matabwa, kaya wa magalimoto, kaya telala, kaya wosunga mabuku a ndalama, atenge mwana mmodzi wa Fomu 3, mtsikana kapena mnyamata, wanzeru za m'kalasi ndi wovutika yemwe. Ndipo pasapezeke banja lolipira munthu ndalama za kalata ya ntchito yakunja lisanaonetse kalatayo kwa anthu aŵiri kapena atatu odziŵa kuŵerenga mapangano. Mipingo isankhe anthu otere ndi kulengeza maina awo.

Za maina a ana opanda zikalata tiyambe lero lomwe. Buku lili pa tebulo pakhomopo, ndipo amayi aŵiri a Chigwirizano akhala pamenepo kufikira titatha kudya. Amene muona kuti nkhani ya banja lanu njosayenera kukambidwa pagulu, mundipeze kunyumba Lachiŵiri madzulo, mutatenga mapepala alionse amene muli nawo, ngakhale khadi la ku sikelo long'ambika.